Cessna 206 ya hayala ku Kasungu: ndege yodalirika, koma mipando 6 si anthu 6

Amene akufuna kuchita hayala ndege yaing'ono yotera kapena kunyamukira ku Kasungu, kaya ndi bungwe lothamangitsa wodwala, akuluakulu a esiteti ya fodya, kapena alendo opita kukaona njovu ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu, posachedwa amamva dzina la Cessna 206. Ndegeyi inayamba kupangidwa ku America mu 1964 ndipo mu Africa muno yagwira ntchito zambiri m'mabwalo afumbi ndi audzu. Ili ndi injini imodzi, mapiko ake ali pamwamba, matayala ake atatu sapindika, ndipo mkati muli mipando 6 kuphatikizapo wa woyendetsa. Maganizo athu ndi akuti pa ndege zazing'ono za injini ya pisitoni, iyi ndi imene ikuyenerera bwino mabwalo ngati athu a kuno. Choipa chake chachikulu sichili mu chitsulo ayi, chili mu mbiri yake. Anthu amaitama kuti chilichonse chimene chalowa pakhomo imanyamula, ndipo wochita hayala akamva zimenezo amafika pa bwalo ndi anthu asanu, masutikesi asanu ndi kathumba ka mtedza koti akapatse achibale.

Tiyambe ndi sikelo. Kulemera kwa ndege yonse ponyamuka, pamodzi ndi mafuta, anthu ndi katundu, sikuyenera kupitirira makilogalamu 1,633. Malirewa ndi amodzimodzi pa U206G yakale ya injini ya Continental IO-520 ndi pa 206H ya injini ya Lycoming IO-540, zonse za horsepower 300. Ndege yopanda kanthu imalemera makilogalamu pafupifupi 1,000, malinga ndi zimene anaikamo: mawailesi, matayala akuluakulu, bokosi la katundu la pansi pa mimba. Tinene kuti imene yabwera kudzakutengani ikulemera 1,030. Ndiye kuti zotsala ndi 600 basi, ndipo m'menemo ndi momwe mulowe chilichonse.

Matanki a m'mapiko akadzaza amatenga malita pafupifupi 330 a avgas (mafuta a ndege zotere), ndipo lita imodzi imalemera makilogalamu 0.72. Amenewo ndi makilogalamu 240, kutsala 360. Woyendetsa wa 80 akakhala pampando, kwatsala 280. Apo mukukwana akuluakulu atatu a 80 aliyense ndi zikwama zokwana 40 zonse pamodzi. Mipando iwiri ikhala yopanda munthu, ndipo iyenera kutero. Mukafuna kudzaza mipando yonse, anthu 6 a 80 ndi 480, tizikwama ta 10 aliyense kwa okwera asanu ndi 50, ndiye mafuta otsala ndi makilogalamu 70, omwe ndi malita osakwana 100. Injiniyi imamwa malita 60 pa ola, ndipo woyendetsa wosamala amasunga malita 45 oti asawakhudze. Kuchoka ku Kasungu kukafika ku Kamuzu International Airport ku Lumbadzi ndi makilomita 90 mumlengalenga, ulendo wa theka la ola, choncho pamenepo masamu akulola. Ku Chileka ndi makilomita opitirira 300, ola ndi theka, ndipo masamu omwewo akukana. Ndiye funso loti ndegeyi imanyamula anthu angati lilibe yankho limodzi. Wa hayala amene angakuyankheni kuti "asanu" asanafunse kumene mukupita ndi kulemera kwanu, ameneyo akugulitsa mipando chabe.

Chinanso, bwalo laling'ono musaliyembekezere kuti likhala ndi avgas. Ndege imabwera ndi mafuta ake obwererera, kutanthauza kuti woyendetsa anasankha kale kuchuluka kwa mafuta asananyamuke ku Lilongwe, potengera manambala amene munamuuza pa foni. Mukawonjezera munthu pa bwalo, iye sangachotse mafuta m'mapiko kuti munthuyo akwane.

Tsono vuto la Kasungu penipeni ndi mpweya. Bwalo la m'tawuni lili pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo msewu wake wothamangapo ndege ndi wa mamita pafupifupi 1,200. Manambala okoma amene amalembedwa m'mapepala otsatsa ndege ndi a kugombe la nyanja yamchere pa madigiri 15. Mukamakwera, mpweya umapepuka. Kukatentha, umapepukanso. Oyendetsa ndege amaphatikiza ziwirizi n'kupeza chimene amati density altitude, kutanthauza utali umene ndege ikumva, osati umene walembedwa pa mapu. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Pa utali wa Kasungu kutentha koyembekezeka m'mabuku ndi madigiri 8. Digiri iliyonse yopitirira pamenepo imawonjezera mamita 36. Masana a mu Okutobala kufika madigiri 32 si zachilendo, ndipo kusiyana kwa madigiri 24 kukupereka mamita 864 owonjezera. Ndege ili pa tara wa ku Kasungu, koma injini, propela ndi mapiko zikugwira ntchito ngati zili pa mamita 1,900, pamwamba kuposa tawuni ya Dedza.

Mpweya wopepukawo umaluma katatu. Injini yopanda turbo (chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse, ndiye mwa horsepower 300 mwatsala ngati 240. Propela imapalasa mpweya wochepa pa kuzungulira kulikonse. Mapiko nawo amafuna kuti ndege ithamange kwambiri pansi kuti apeze mpweya wokwanira kuinyamula. Wotchi ya liwiro imaonetsa nambala yomwe ija ya masiku onse, koma matayala akugudubuzika msanga kuposa pamenepo, ndipo msewu ukutha mofulumira.

Nayi mitunda yake. Buku la 206H limati pa nyanja yamchere, pa tara wouma, popanda mphepo, ndege yodzaza mpaka malire imathamanga mamita 280 pansi, ndipo imafuna mamita 570 kuti idutse mtengo wa mamita 15. Nambala yachiwiriyi ndi imene ili ndi ntchito, chifukwa kumapeto kwa bwalo kumakhala mitengo, mawaya kapena nyumba. Bungwe loona za ndege ku Britain lili ndi njira yachidule yowerengera zosintha: mamita 300 aliwonse a kukwera kwa bwalo kuchokera pa nyanja yamchere amawonjezera 10 peresenti, madigiri 10 aliwonse amawonjezera 10 peresenti, udzu wouma 20 peresenti, udzu wonyowa 30 peresenti, nthaka yofewa 25 peresenti kapena kupitirira, chitunda chokwera mamita 2 pa mamita 100 aliwonse 10 peresenti. Mphepo yochokera kumbuyo yokwana 10 peresenti ya liwiro lonyamukira imawonjezera 20 peresenti, ndipo kulemera kowonjezera kwa 10 peresenti kumawonjezeranso 20 peresenti. Zimenezi saziphatikiza, amazichulukitsa, ndipo n'chifukwa chake zimakula modabwitsa.

Utali wa Kasungu wokha ukusandutsa 570 kukhala 800. Kutentha kwa madigiri 32 kukufikitsa pa 1,000. Buku la ndegeyo lingapereke nambala yotsikirako pang'ono, ndipo woyendetsa ayenera kuwerenga m'bukumo, koma chithunzi chake n'chomwecho: ndege imene sinapyole malire a kulemera yatsala ndi mamita 200 okha. Komanso manambala a m'buku anapezeka ndi ndege yatsopano ndi katswiri woyesa ndege, osati injini yotopa ndi propela yokumbika ndi timiyala. N'chifukwa chake amalangiza kuchulukitsanso ndi 1.33 kuti pakhale popumira. Mukatero 1,000 akhala 1,330, ndipo msewu wa 1,200 sukukwana. Ndege yomweyo, katundu yemweyo, m'mawa pa madigiri 18: mamita 880, kuchulukitsa ndi 1.33 ndi 1,170. Yakwana, ngakhale movutikira. Ndiye woyendetsa akanena kuti tinyamuke 6 koloko m'mawa kapena tidikire dzuwa lipendeke, sakuchita matama ayi.

Tsopano onjezerani makilogalamu 160, omwe ndi 10 peresenti ya malire aja. Si zambiri m'maso: akuluakulu awiri, kapena matumba atatu a chimanga ndi kachikwama. Mamita 1,000 aja akhala 1,200, msewu wonse mpaka kumapeto. Kamphepo ka ma knots 6 (makilomita 11 pa ola) kochokera kumbuyo, koti munthu woima pa bwalo angati kunja kuli bata, kakufikitsa pa 1,440. Pa bwalo la udzu wonyowa nyengo ya dzinja manambalawa amangothawiratu. Ngozi zambiri za mtunduwu sizichokera pa chinthu chimodzi chachikulu. Ndi tinthu tinayi kapena tisanu, kalikonse kooneka kololeka pakokha.

Chimene chimanyenga anthu ambiri ndi Lumbadzi. Bwalo la Kamuzu lili pamwamba kuposa la Kasungu, pa mamita 1,230, koma msewu wake ndi wopitirira makilomita atatu ndipo kutsogolo kulibe chotchinga chapafupi. Ndege yolemetsedwa imanyamuka kumeneko, mochedwa koma bwinobwino, ndipo aliyense amatsika ku Kasungu akukhulupirira kuti katundu ameneyu ndege imamutha. Pobwerera ndi pamene zimaoneka, masana, pa msewu waufupi, katundu atawonjezekera ndi mphatso.

Minibasi ikadzazidwa mopyola imangokhala pansi, n'kumakwera chitunda pang'onopang'ono, ndipo ikalephera ena amatsika n'kukankha. Ndege ilibe liwiro lapang'onopang'ono limenelo. Mapiko ali ndi liwiro lochepetsetsa limene amasiyira kunyamula, chimene oyendetsa amati stall, ndipo kulemera kukakwera ndi 10 peresenti liwiro limenelo limakwera ndi 5 peresenti. Zimachitika motere. Ndege ikuthamanga, msewu ukutha, woyendetsa akuona mitengo ndipo akukoka chiwongolero liwiro lisanakwane. Ndege ikudzukadi. Pafupi ndi nthaka, pa utali wosapitirira kutambalala kwa mapiko ake, omwe ndi mamita 11, mapiko amauluka mopepukidwa chifukwa nthaka imachepetsa mpweya wozungulira kunsonga kwake. Okwera amapuma, kuganiza kuti zatheka. Ikangokwera kupitirira pamenepo thandizo lija limatha, ndipo injini ilibe mphamvu yotsala yoti ikwere nayo. Woyendetsa akakokanso, mphuno imakwera, liwiro limatsika, kabelu ka stall kamalira, phiko limodzi limagwa. Pa mamita 20 kapena 30 kuchokera pansi palibe mpata wokonzera. Amene ayesa kukhota kuti abwerere pa bwalo amafulumizitsa zinthu, chifukwa ndege ikapendekeka liwiro la stall limakweranso.

Ngakhale zonse zili m'malire, 206 yodzaza imene kugombe imakwera mamita 300 pa mphindi, pa mpweya wa masana a Okutobala ku Kasungu imakwera osakwana 200. Mpweya wotsika wa pafupi ndi phiri, kapena kamvuluvulu wa m'chilimwe wodutsa pa msewu, akhoza kudya zonsezo.

Pali njira imene woyendetsa aliyense wabwino amagwiritsa ntchito ndipo wokwera akhoza kuiona ndi maso. Asananyamuke amasankha chizindikiro cha pakati pa msewu, kaya ndi mtengo, kaya ndi mlongoti wa kansalu koonetsa mphepo. Pofika pamenepo ndege iyenera kukhala itapeza 70 peresenti ya liwiro lonyamukira. Ngati iyenera kudzuka pa ma knots 60, pakati pa msewu wotchi ionetse 42. Ikapanda kutero amatseka mafuta n'kuponda mabuleki, theka la msewu likadalipo. Woyendetsa akaimitsa ndege chonchi musamuyang'ane ndi diso lofiira. Mutsitse katundu.

Kulemera si nkhani yokhayo. Pomwe katunduyo wakhala ndi nkhani inanso, ndipo pa 206 imeneyi ndi yofunika kwambiri chifukwa chipinda chake n'chachitali. Ndege ili ndi malo ochepa, pansi pa mapiko, pomwe kulemera konse kuyenera kutsamira. Kukatsamira kumbuyo, mphuno imadzuka yokha ndege ikangonyamuka, ndipo kukankha chiwongolero mpaka kumapeto sikungaitsitse. Ndege ikhoza kukhala pansi pa malire a makilogalamu 1,633 n'kugwabe chifukwa cha zimenezi. Mzere wachitatu wa mipando ndi wopanikiza, woyenera ana kapena anthu ochepa thupi. Anthu onenepa akhale kutsogolo ndi mzere wapakati, ndipo pano ulemu wa kwathu woti abwana asankhe okha pokhala uyenera kudikira pang'ono. Malo a katundu kumbuyo kwa mipando pa 206H ali ndi malire a makilogalamu 82, olembedwa pakhoma. Bokosi la pansi pa mimba, ngati lilipo, limalandira 136, ndipo ndi labwino chifukwa lili pafupi ndi pakati, ngakhale limadyako liwiro ndi kakweredwe. Zinthu zing'onozing'ono zolemera ndi zimene zimapusitsa: mabatire a sola, jenereta, pampu yamadzi, katoni ya mabuku, zitsulo za thirakitala. Batire imodzi yaikulu yoikidwa kumchira chifukwa ndi kumene kunali kampata imasokoneza ndege kuposa sutikesi yaikulu ya zovala. Mukaona ndege ili pansi, tayala lakutsogolo litatambasuka mpaka kumapeto, mchira utayandikira nthaka, funsani.

Katundu amangidwe ndi malamba kapena ukonde pa timphete ta pansi. Ndege ikamathamanga mphuno ili m'mwamba, chinthu chosamangidwa chimatsetserekera kumchira pa nthawi yoipitsitsa. Belo la fodya la makilogalamu 100 loikidwa pamene achotsa mipando likasuntha theka la mita, masamu onse a woyendetsa afa.

Ngozi ziwiri zodziwika bwino zikuonetsa mbali ziwirizi. Pa 25 Ogasiti 2001, Cessna 402B inagwa itangonyamuka ku Marsh Harbour ku Bahamas, anthu onse 9 anafa, ndipo ofufuza anapeza kuti inapyola malire ndi makilogalamu pafupifupi 320. Pa 8 Januwale 2003, Beechcraft 1900D inanyamuka ku Charlotte ku America, mphuno inakwera osabwereranso, ndipo anthu 21 anafa. Kumeneko zingwe zoyendetsera chipsepse cha kumchira zinamangidwa molakwika pokonza, koma ndegeyo inalinso yolemera mopyola ndi makilogalamu 260 ndipo kulemerako kunatsamira kumbuyo. Chochititsa chidwi n'chakuti pa pepala zonse zinali bwino, chifukwa sanayeze munthu aliyense: anagwiritsa ntchito nambala yongoyerekeza ya kulemera kwa wokwera, ndipo nambalayo inali yakale, yochepa kuposa anthu enieni. Pambuyo pake boma la America linakweza manambala oyerekezawo. Ngati kuyerekeza kunapha pa ndege ya mipando 19, pa ndege ya mipando 6 kulibe malo n'komwe. Ambiri kuno akamva za ngozi ya ndege amakumbukira za ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, pamene Dornier 228 ya asilikali inagwa ndi Dr Saulos Chilima, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndi anthu ena 8. Imeneyo inagwa ili pa ulendo, m'mapiri, nyengo itaipa. Ndi ngozi ya mtundu wina, ndipo tisaisakanize ndi za ponyamuka.

Tibwerere ku ndege yathu. Zimene timaikondera n'zambiri. Miyendo yake ya chitsulo chofwamphuka imapirira mabampu. Mapiko apamwamba sakhudza udzu ndi tchire za m'mbali, amapereka mthunzi podikira, ndipo okwera amaona pansi bwino, zomwe n'zofunika kwa owerenga nyama ku nkhalango ya Kasungu, kumene mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Zitseko ziwiri zakumbuyo kudzanja lamanja zimatseguka ngati kabati, moti machira a wodwala amalowa osapinda munthu. Ma flaps ake, zipsepse za kumbuyo kwa mapiko zimene zimatsitsidwa ponyamuka ndi potera, ndi akuluakulu: ponyamuka pa bwalo lalifupi amaikidwa pa madigiri 20, osapitirira, chifukwa kupitirira pamenepo amakoka ndege m'mbuyo kuposa mmene amainyamulira. Amakaniko a ndege ambiri amaidziwa.

Zimene sitiikondera nazo tizinene. Phokoso ndi lalikulu, makamaka U206G imene imanyamuka injini ikuzungulira ka 2,850 pa mphindi, ndiye pemphani zotseka m'makutu. Kutsogolo chitseko chili kumanzere kokha, kwa woyendetsa. Choopsa kwambiri ndi zitseko zakumbuyo zija: ma flaps akatsika amatchinga chitseko choyamba, chimangotseguka kampata kolowa dzanja, ndipo kuti chachiwiri chitseguke munthu ayenera kudziwa kachitsulo kofiira kamene kali m'mphepete mwake ndi ndondomeko yake. Ponyamuka ndi potera ma flaps amakhala otsika, ndipo nthawi zimenezo ndi zimene ngozi zimachitika. Mu 2018 ku Little Doctor Lake ku Canada, okwera atatu anamira m'ndege ya mtunduwu itagubuduzika pa madzi, atalephera kutuluka. Amene mukupita ku Likoma muziganizire zimenezi. Woyendetsa aonetse munthu wokhala pafupi ndi chitsekocho mmene amatsegulira ma flaps ali otsika, munthuyo ayese ndi manja ake ndege isanalize injini, ndipo pampando umenewo pasakhale mwana kapena agogo.

Palinso njanji za mipando. Pa ndege za Cessna zakale timabowo ta njanji timakula ndi kutha, ndipo mpando wa woyendetsa ukhoza kutsetsereka m'mbuyo ndege ikamathamanga, iye n'kukoka chiwongolero mosafuna. Boma la America linalamula mu 1987, n'kubwerezanso mu 2011, kuti njanjizi ziziyang'aniridwa pafupipafupi. Mukaona woyendetsa akudzigwedeza pampando asananyamuke, akuyesa zimenezo. Wokhala kutsogolo kudzanja lamanja achitenso chimodzimodzi, ndipo mpando ukatsetsereka asagwire chiwongolero chimene chili patsogolo pake.

Ntchito ya hayala yabwino imaoneka ndege isanalire. Amafunsa kulemera kwa munthu aliyense pa foni, ndipo pa bwalo amatulutsa sikelo, ngakhale ya m'bafa, n'kuyeza anthu ndi zikwama zomwe, kuphatikizapo kachikwama ka m'manja ndi mwana wa pamiyendo. Amayi ndi abambo ena zimawachititsa manyazi, ndipo woyendetsa waulemu amayeza munthu atanyamula chikwama chake kuti nambala ikhale imodzi. Amalemba pepala la kulemera ndi kutsamira kwake, ndipo mukapempha amakuonetsani. Amatapa mafuta pansi pa mapiko m'kabotolo koonekera: avgas 100LL ndi wabuluu, madzi amakhala pansi ngati timikanda. Ndege imene yagona panja usiku wa mvula iyenera kutapidwa mofatsa, ndipo zakale zina zili ndi matanki a labala amene makwinya ake amabisa madzi mpaka ndege itadzutsa mphuno. Amaviika kandodo m'thanki m'malo mokhulupirira wotchi. Akaliza injini amaikweza kufika pozungulira ka 1,700 kapena 1,800 pa mphindi n'kuyesa ma magneto awiri, zipangizo zopereka moto ku mapulagi, limodzilimodzi: kutsika kusapitirire 150, ndipo kusiyana kwa awiriwo kusapitirire 50. Pa utali wa kuno amachepetsanso mafuta olowa mu injini ndi kachitsulo kofiira, motsatira manambala olembedwa pafupi ndi wotchi ya mafuta, chifukwa mpweya wochepa ndi mafuta ochuluka zimafooketsa injini pa nthawi imene mphamvu iliyonse ikufunika. Ndipo amayambira kumapeto kwenikweni kwa msewu, osati pamene watulukira.

Bwalo nalo liyang'anidwe ndi mapazi kapena galimoto. M'tawuni vuto ndi mbuzi, ng'ombe, njinga ndi ana odutsa. Ku Lifupa ndi njiri, maenje amene nyama zakumba usiku, ndi zulu zatsopano za chiswe zobisika mu udzu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi nthaka imaoneka youma pamwamba pomwe pansi ndi phala, ndipo udzu wofika m'mawondo umagwira matayala ngati mabuleki. Njira yakale yoyesera ndi kuthamangitsa galimoto pa msewu wonse n'kuona kuya kwa mikwingwirima. Mtambo wakuda ukamayandikira mphepo imatembenuka mwadzidzidzi, ndipo imene inali kutsogolo poyamba kuthamanga ikhoza kukhala kumbuyo pofika pakati. Mu Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa lupsa umabisa mapiri, ndipo phiri la Kasungu lili pafupi ndi tawuni.

Pa mapepala, funsani zinthu ziwiri. Kampani yonyamula anthu pa malipiro iyenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa Air Operator Certificate, chimene kuno chimaperekedwa ndi Civil Aviation Authority, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi ya ntchito, osati ya kuuluka mwa chisangalalo. Ndege zolembetsedwa ku Malawi nambala yake imayamba ndi 7Q. Mnzanu wa mnzanu amene ali ndi ndege ndipo akuti mungomuthirira mafuta angakhale wotchipa, koma ndege ikagwa a inshuwalansi amayamba kufunsa za chiphaso ndi za kulemera.

Kuyerekeza ndi zinzake, Cessna 172 ndi yotchipa pa ola koma si ya ntchito imeneyi. Ya mtundu wa 172S ili ndi horsepower 180, malire ake ndi makilogalamu 1,157, ndipo imanyamula osakwana 400 kuphatikizapo mafuta. Ku Kasungu masana muiwerengere woyendetsa ndi anthu awiri. T206H ya turbo imasunga horsepower 310 ngakhale pa mpweya wopepuka, zomwe zimathandiza kwambiri pa kakweredwe, koma ndi yolemerako ikakhala yopanda kanthu, ndipo turbo siithandiza mapiko: mtunda wothamanga pansi umatalikabe. Mukakhala anthu 6 kapena kupitirira ndi katundu, lekani kukakamiza 206, itanani Cessna 208B Grand Caravan, ya injini ya PT6A yomwa mafuta a Jet A-1, imene malire ake ndi pafupifupi makilogalamu 3,970.

Mtengo wa hayala amawerengera pa ola la kuuluka, ndipo mumalipiranso ulendo umene ndege yabwera yopanda anthu kudzakutengani. Apa ndi pamene chiyeso chodzaza chimachokera: mwalipira ndege yonse, ndiye mpando wopanda munthu ukuoneka ngati ndalama yotayika. Kwa anthu a ku Kasungu yankho lake lili pafupi. Lilongwe ili pa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Matumba, mabatire, zitsulo ndi masutikesi akuluakulu zitsogole pa galimoto dzulo lake, ndipo m'ndege mukwere anthu atatu kapena anayi, aliyense ndi chikwama chofewa chosapitirira makilogalamu 10 mpaka 15, chifukwa sutikesi yolimba silowa bwino pa kakhomo ka bokosi la pansi. Potumiza uthenga wa hayala lembani kulemera kwenikweni kwa munthu aliyense atavala nsapato, kulemera kwa chikwama chilichonse, ndi ola limene mukufuna kunyamuka pobwerera, ndipo ngati ndi pakati pa Seputembala ndi Novembala pemphani kuti olalo likhale isanakwane 9 koloko m'mawa.